Matransipota a ku Joni: odalirika pa katundu, msampha kwa amene anaseweza kale jere kumeneko

Ku Mangochi, Machinga, Mzimba ndi Nkhata Bay palibe amene sadziwa transipota wa kwawo. Pamsika amadziwa tsiku limene galimoto yake imanyamuka ndi tsiku limene imatulukira ikukoka ngolo yodzaza mafiriji, matilesi, njinga ndi zikwama za mizeremizere. Ndemanga ino ikuunika ntchito ya anthu amenewa, koma tikuyang'ana kwambiri kasitomala wa mtundu umodzi: munthu amene anamangidwa ku South Africa, anaseweza jere, anadutsa ku Lindela, malo osungira alendo oyembekezera kudipotedwa, n'kubwezedwa kumudzi, ndipo pano mtima uli dyokodyoko kufuna kubwereranso. Sititchula dzina la transipota aliyense, chifukwa kagwiridwe kawo ka ntchito n'kofanana ndipo vuto lili m'kagwiridweko.

Maganizo athu tiwanene poyambirira. Potumiza katundu, matransipota ambiri amagwira ntchito yotamandika imene makampani akuluakulu sangaifikire. Ponyamula munthu wa pasipoti yabwinobwino, ntchito yawo ndi yapakatikati, ndipo basi yovomerezeka imawaposa pa chitetezo. Koma kwa munthu amene anadipotedwa atatuluka m'ndende, chimene akugula ndi mlandu watsopano umene umayamba tsiku lomwe waponda tsidya la Limpopo, pamodzi ndi ngongole imene imamukankhira ku milandu ina yokulirapo.

Chimene amagulitsa, ndi chifukwa chake chimakoma

Tisawanyoze tisanamvetse chimene chimakokera anthu kwa iwo. Transipota amakutenga pakhomo kapena pamsika wa kwanu n'kukakutula pakhomo pa m'bale wako ku Johannesburg, Pretoria, Durban kapena Cape Town. Ambiri amayendera minibasi kapena galimoto yapabwalo yokoka ngolo. Panjira amakugulira chakudya, amalankhula ndi apolisi pa marodibuloko, amadziwa pogona. Chachikulu pa zonse ndi kalipiridwe: ambiri amalola kuti munthu akwere asanalipire, kapena alipire pang'ono, yotsalayo akapereke m'bale amene ali ku Joni galimoto ikafika. Ena amalandira chikole, monga foni, njinga yamoto, mbuzi, ngakhale munda.

Tsono taganizirani mmene munthu wodipotedwa amafikira. Amatsika pa bwalo la ndege la Kamuzu kapena pa boda ya Mwanza atanyamula jumbo imodzi. Pasipoti mwina inatha kalekale kapena inasowa pomangidwa, ndipo wabwera ndi chikalata chongoyendera ulendo umodzi chochokera ku ofesi ya kazembe wa Malawi. Bedi, wailesi, zida zogwirira ntchito ndi malipiro a mwezi womaliza zinatsala komweko. Ena anasiyako mkazi ndi ana. Kumudzi akumuyang'ana ngati wolephera, poti anzake amene anapita nawo limodzi amanga nyumba za malata. Ndalama ya kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, kotero randi iliyonse ikuoneka yonona kuposa kale. Kampani ya basi ikufuna tikiti yolipiriratu ndi pasipoti yogwira ntchito. Banki singamuyang'ane n'komwe. Munthu yekhayo amene samufunsa za kale ndiponso amamukongoza ndi transipota. Pamenepa mpamene pali mphamvu ya bizinesi imeneyi, ndipo aliyense wofuna kuthana ndi vuto la kubwerezabwereza milandu akuyenera kuvomereza kuti transipota amafika pamene maofesi safika.

Ulendo wake ndi wa makilomita oposa 1,700 kuchokera ku Blantyre kukafika ku Johannesburg. Umadutsa Mwanza ndi Zobue, kapena Dedza ndi Calomue kwa ochokera pakati ndi kumpoto, kenako Tete, Cuchamano ndi Nyamapanda, Harare, Masvingo, mpaka Beitbridge ndi Musina. Ndi malire atatu, ndipo pa malire alionse pali maofesi a mayiko awiri. Wa mapepala abwino amangodinditsa n'kumapita. Wodipotedwa sangaonetse nkhope pa kauntala ya South Africa, ndiye transipota amamutsitsa asanafike pa mlatho n'kumupereka kwa anthu ena omuolotsa kutchire. Apa mpamene lonjezo la "pakhomo mpaka pakhomo" limaduka. Kuyambira pamene watsika mpaka pamene adzakumanenso ndi galimoto kutsidya, transipota alibe ulamuliro uliwonse. M'tchire la Limpopo muli magumaguma olanda ndalama, mafoni ndi nsapato, ogwirira amayi. M'nyengo ya mvula mtsinje umadzaza ndipo muli ng'ona. Munthu akagwidwa kapena kuberedwa pamenepo, ndalama sibwezedwa, ndipo ngongole siichotsedwa.

Zimene transipota sakuuza

Mawu amene amamveka kawirikawiri ndi akuti, "Musadandaule achimwene, zija zinatha, angapo ndawabweza ndipo akugwira ntchito." N'zoona kuti ena anabwerera ndipo sanagwidwebe. Koma malamulo sanena choncho, ndipo apa tiyenera kukhalitsapo chifukwa anthu ambiri amasokoneza zinthu ziwiri zosiyana.

Mmalawi wa pasipoti wamba amapatsidwa masiku 30 okacheza ku South Africa popanda viza. Masiku amenewa si chilolezo chogwirira ntchito. Akapyoletsa masikuwo n'kudzatuluka yekha pa boda, amalembedwa kuti ndi munthu wosafunika pansi pa gawo 30 la Immigration Act ya 2002. Malinga ndi malamulo amene anayamba mu 2014, wopyoletsa ndi masiku osaposa 30 amaletsedwa chaka chimodzi, wobwereza m'miyezi 24 amaletsedwa zaka 2, ndipo wopyoletsa ndi masiku oposa 30 amaletsedwa zaka 5. Chiletso chimenechi chili ndi tsiku lothera. N'chimene anthu ambiri amachidziwa, ndipo n'chimene transipota amakhala akunena akamati "ingodikirani zaka zisanu."

Wodipotedwa nkhani yake ndi ina. Gawo 29 la lamulo lomwelo limati munthu amene anadipotedwapo ndi woletsedwa kulowa m'dzikomo kufikira mkulu wa Home Affairs, nthambi ya boma yoona za anthu olowa ndi kutuluka m'dzikomo, atamuchotsa yekha pa chiletsocho. Palibe zaka zowerengera. Ungakhale kumudzi zaka 5 kapena 15, ngati sunapemphe n'kuyankhidwa, udakali woletsedwa. Gawo lomweli limaletsanso aliyense amene anapezeka ndi viza, pasipoti kapena chiphaso chachinyengo. Pamwamba pa izo, gawo 30 limalola boma kuti limuike m'gulu la osafunika munthu amene anagamulidwapo kukhala kundende popanda mwayi wolipira chindapusa. Ndiye munthu amene anaseweza jere pa mlandu wakuba n'kudipotedwa amakhala ndi zitseko ziwiri zokhoma, osati chimodzi.

Akalowabe, gawo 49 limati kulowa kapena kukhala m'dzikomo mosaloledwa ndi mlandu wa chindapusa kapena ndende yosaposa zaka 2. Wogwidwa koyamba kawirikawiri amapatsidwa miyezi yochepa kapena chindapusa. Wobwereza sayembekezere chifundo chomwecho, chifukwa apolisi akamutenga zidindo za zala, mbiri yake imatuluka pa chikalata chimene amachitcha SAP 69, ndipo majisitireti amachiwerenga asanapereke chilango.

Pali gulu lina limene lili pangozi yoposa onse: amene anatulutsidwa pa parole, kutanthauza kutuluka kundende chilango chisanathe, kuti adipotedwe. Akaidi ambiri ku South Africa amaganiziridwa za parole akaseweza theka la chilango chawo. Mlendo wopanda mapepala akapatsidwa parole satulukira pageti kupita kulokeshoni, amaperekedwa m'manja mwa Home Affairs. Chilango chake sichinathe, wangololedwa kukamalizira kunja kwa mpanda, ndipo kawirikawiri amasainira kuti sadzabwerera nthawiyo isanakwane. Wogamulidwa zaka 8 amene anatuluka atatha zaka 4 akagwidwanso ku Gauteng chaka chotsatira, atha kubwezedwa kukamaliza zotsalazo, kuwonjezera pa mlandu watsopano wolowa mozemba. Transipota safunsa n'komwe ngati munthu anatuluka pa parole kapena anamaliza chilango chonse. Funso limodzi lokhali likanapulumutsa anthu ambiri, koma kulifunsa n'kutaya kasitomala.

Belo nayonso imavuta. Khoti limafuna adiresi yotsimikizika ndi umboni woti munthu sathawa, zinthu zimene wolowa mozemba alibe. Lamulo la kayendetsedwe ka milandu la 1977 limakakamiza woimbidwa mlandu kuulula milandu yake yakale popempha belo, ndipo kubisa ndi mlandu pawokha. Ngati mlandu watsopano ndi wakalewo onse ali m'gulu la milandu ikuluikulu, udindo umatembenuka: ndi iyeyo amene ayenera kukhutiritsa khoti kuti atulutsidwe. Ndipo pa milandu ngati kuba moopseza ndi chida, lamulo la 1997 linaika zilango zoyambira: zaka 15 kwa woyamba, 20 kwa wachiwiri, 25 kwa wachitatu, pokhapokha patakhala zifukwa zamphamvu zochepetsera.

Mmene ngongole imasandukira mlandu

Tinene mosapsatira kuti Amalawi ambiri ku South Africa, ngakhale amene anamangidwapo, amadya thukuta lawo: m'magadeni, m'nyumba za anthu, pa zomangamanga, m'mashopu, pa telala. Sitikunena kuti aliyense wobwerera amakaba. Tikunena kuti kalipiridwe ka transipota kamamuika wodipotedwa pamalo pamene njira zoongoka zimachepa kwambiri, ndipo zimachitika motsatana chonchi.

Galimoto ikafika, munthu satsika mpaka ndalama italipiridwa. M'bale amene analonjeza uja akazimitsa foni, kapena akapezeka kuti naye ntchito inamuthera, wokwerayo amasungidwa panyumba ya transipota kapena ya mnzake, foni ndi mapepala zili m'manja mwa eni galimoto. Masiku akamapita, ena amawonjezera ndalama ya chakudya ndi malo ogona pa ngongole ija. Zikafika poti munthu watsekeredwa kapena akugwiritsidwa ntchito mokakamiza kuti abweze, nkhaniyo yalowa m'dera la kuzembetsa anthu, umene ku Malawi, pansi pa lamulo la 2015, ndi mlandu wa zaka mpaka 14, ndipo zaka 21 ngati wozembetsedwayo ndi mwana. Koma wodipotedwa sangapite kupolisi kukadandaula, poti akakalowa pa siteshoni ndiye kuti wadzipereka yekha. Transipota woipa mtima amadziwa zimenezi bwino lomwe.

Akamasulidwa, ngongole ija yangosamukira kwa m'bale kapena kwa wakatapila wa kulokeshoni, ndipo ikubereka mwezi ndi mwezi. Ntchito ija anaisiya inatengedwa ndi wina. Bwana wakale, ngakhale amamukonda, amaopa, chifukwa kulemba ntchito mlendo wopanda chilolezo ukudziwa ndi mlandu: chindapusa kapena ndende mpaka chaka chimodzi koyamba, mpaka zaka 2 kachiwiri, ndende mpaka zaka 5 kachitatu. Otsala omulemba ndi aja olipira mochepetsetsa, amene tsiku lolandira likafika amangoti "ndiitana apolisi." Sangatsegule akaunti kubanki, sangachite lendi m'dzina lake, ndipo amayenda mozemba misewu imene apolisi amaima.

Tsono amene amamulandira ndi manja awiri ndani? Ndi anzake a kundende. Ndende za ku South Africa zili ndi magulu odziwika a 26, 27 ndi 28, ndipo mlendo amene analibe womuyendera nthawi zambiri ankadalira ena kuti apeze sopo, fodya ndi chitetezo. Ubale umenewo sumathera pageti. Ntchito zimene amapatsana poyamba zimaoneka zazing'ono: sunga chikwama ichi usiku umodzi, kagulitse mafoni awa, kaperekeni mawaya a kopa awa kwa ogula zitsulo, ima pakona utiuze galimoto ya polisi ikamabwera. Kwa munthu amene wakatapila akumusowetsa tulo, ndalama ya usiku umodzi yoposa ya sabata yonse ya ganyu ndi yovuta kuikana. Pogwidwa, amene ali ndi chikwama m'manja ndi iyeyo, amene ali ndi SAP 69 yodetsedwa ndi iyeyo, ndipo amene alibe adiresi ya belo ndi iyeyo. Akamaliza chilango chachiwiri amabwereranso ku Lindela, ku Krugersdorp, kumene lamulo limalola kusunga munthu masiku 30, khoti n'kutha kuwonjezera mpaka onse pamodzi akwane 120. Akatsika ku Mwanza kachiwiri, transipota yemwe uja ali pomwepo.

Zowonjezera zimene amatsatsa

Matransipota ena, osati onse, amagulitsanso "thandizo la mapepala." Izi ndiye timazipatsa ziro.

Choyamba ndi kudinditsa. Munthu amapereka pasipoti kwa transipota kuti apite nayo ku boda ikadindidwe ngati mwini wake anatuluka n'kulowanso. Mwini pasipoti alibe njira yodziwira ngati chidindocho n'chenicheni, ndipo ngakhale chitakhala chenicheni, ngati sichinalowe mu kompyuta, ofesala amangoona kuti buku likunena zina, makina akunena zina. Kunama kapena kuchita chinyengo pofuna kulowa kapena kukhala m'dzikomo ndi mlandu wa zaka mpaka 8, ndipo kugwiritsa ntchito zikalata zopeka kumafika zaka 15 popanda chindapusa. Yerekezani ndi zaka 2 za kungokhala opanda mapepala: munthu walipira ndalama zake kuti mlandu wake ukule.

Chachiwiri ndi kusintha dzina. Malangizo ake amati kapangitseni pasipoti ina m'dzina la agogo anu, makina sakakudziwani. Kale zinkatheka. Kuyambira 2017, pamene bungwe la NRB linalembetsa nzika zonse za zaka 16 kupita m'tsogolo, chiphaso cha unzika chimamangirira dzina ku zidindo za zala, ndipo pasipoti imachokera pa chiphasocho. Kunama pofuna pasipoti ndi mlandu kuno kwathu komwe. Ndipo ngakhale wina atadutsa nayo pa boda, apolisi a ku South Africa akamugwira sayang'ana dzina, amayang'ana zala.

Chachitatu ndi pepala la asayilamu logula pakona. Pepala lenileni limaperekedwa ndi maofesi a boma olandira othawa kwawo, kwa anthu othawa nkhondo kapena chizunzo, ndipo sililipiridwa. Umphawi si chifukwa chimene lamulo la othawa kwawo limavomereza. Pepala logula limagwa pa kuyesedwa koyamba, ndipo mwini wake amalowa m'gulu la oletsedwa lija la gawo 29.

Pali nkhani inanso imene transipota sangaiganizire n'komwe, ya umoyo. Ambiri otuluka m'ndende amakhala ali pa mankhwala a ma ARV kapena a TB. Mankhwala a TB wamba ndi a miyezi 6, ndipo kuwadukiza kumabala TB yosamva mankhwala imene chithandizo chake n'chowawa komanso chachitali. Wodipotedwa akafika kuno ayenera kupita kuchipatala cha boma sabata yomweyo ndi khadi kapena botolo la mankhwala limene wabwera nalo, alembetsedwe, apatsidwe buku. Mankhwalawa ndi aulere. Amene amathamangira kubwerera amadukiza kawiri: pobwera ndi popita, ndipo akafika amaopa kupita ku kiliniki. Chimodzimodzi amene anazolowera mankhwala ozunguza bongo monga nyaope kapena tik: kubwerera kulokeshoni komwe anayambira, ali ndi ngongole, ndi njira yachidule yobwerera m'selo. Ku Mzuzu ndi ku Lilongwe kuli a St John of God amene amathandiza anthu ofuna kusiya mankhwala ozunguza bongo, ndipo ku Zomba kuli chipatala cha boma cha matenda a maganizo.

Njira yoongoka, imene transipota sagulitsa

Ilipo, koma ndi yapang'onopang'ono ndipo siitsimikizira kuti yankho lidzakhala inde. Gawo 29 lomwe lija limapatsa mkulu wa Home Affairs mphamvu yochotsa munthu pa chiletso ngati pali chifukwa chomveka, ndipo gawo 30 limapatsa nduna mphamvu yofananayo kwa olembedwa kuti ndi osafunika. Pempho limalembedwa munthu ali kunja kwa South Africa. Amene ali ndi mwayi wooneka ndi amene mlandu wawo unali wa mapepala okha kapena waung'ono, amene ali ndi mkazi kapena mwamuna wa ukwati wovomerezeka kapena ana amene ndi nzika za dzikolo, ndiponso amene angaonetse kuti akhala zaka kuno osapalamula. Wa mlandu wakupha, kugwirira kapena kuzembetsa mankhwala ozunguza bongo asadzinamize.

Pempho lotere limayenda ndi mapepala, ndipo apa mpamene ambiri amagwa, chifukwa amang'amba kapena kutaya chilichonse chowakumbutsa za ndende. Musataye. Sungani chikalata chodipotedwera, chikalata chotulukira kundende, nambala ya mlandu, dzina la khoti ndi tsiku la chigamulo, masatifiketi a maphunziro alionse amene munachita muli mkati, zikalata za kubadwa kwa ana ndi za ukwati. Zijambuleni pa foni n'kutumiza kwa m'bale wodalirika. Mudzafunikanso kalata ya polisi ya kuno yosonyeza kuti mulibe mlandu chibwerereni.

Kufufuta mbiri ya mlandu ku South Africa n'kotheka pakatha zaka 10 munthu osapalamulanso, koma pa zilango zopepuka zokha, monga chindapusa chosaposa R20,000, ndende yokhala ndi mwayi wa chindapusa chotero, kapena chilango choimikidwa chonse. Pempho limapita ku unduna wa zachilungamo wa dzikolo limodzi ndi kalata ya polisi. Amene anagamulidwa kukaseweza mwachindunji popanda chindapusa, kawirikawiri njira imeneyi si yawo. Dziwaninso kuti kufufuta mbiri ya mlandu ndi kuchotsedwa pa chiletso cha Home Affairs ndi nkhani ziwiri, m'maofesi awiri.

Pofuna uphungu, ku South Africa kuli Lawyers for Human Rights, Legal Aid South Africa ndi Scalabrini Centre ku Cape Town, kumene m'bale amene ali ndi mapepala angakafunse m'malo mwanu. Chenjerani ndi "maejenti" a pa Facebook ndi WhatsApp olonjeza kuchotsa dzina mu kompyuta m'masiku atatu. Amene angathe kutero moona ndi ofesi yokhayo imene inaliika.

Kuno kumudzi nakonso kuli mpata waukulu umene umadyetsa matransipota. Munthu wotuluka kundende ya Zomba, Chichiri kapena Maula amadziwika ndi mabungwe oyendera ndende, ndipo ena amapeza malo ku Halfway House ya Prison Fellowship Malawi ku Balaka kukaphunzira ntchito zamanja asanabwerere kwawo. Wochokera kundende ya kunja amangotsika ngati wapaulendo wina aliyense. Palibe womulondola, ndipo naye safuna kudziwika. Choncho udindo umagwera banja. Ndalama imene abale amasonkha kuti alipire transipota, itapita pa makina osokera, zida za ukalipentala kapena za uwotcherera, kapena pa fizi ya kosi ya TEVETA, imagula chinthu chimene wapolisi sangalande pa rodibuloko. Ambiri obwera ku Joni ali kale ndi luso loika matailosi, kupenta, kukonza mapaipi ndi kusamalira kapinga, limene ku Lilongwe ndi Blantyre likufunidwa ndi omanga nyumba. Phindu lake silifika pa randi, zimenezo tisanamizane, ndipo miyezi yoyambirira imawawa. Banki m'khonde imathandiza ngati wolowa m'gulu ndi mkazi kapena mayi ake, poti anthu sathamangira kukongoza munthu amene wangobwera kumene ndi mbiri ya jere.

Pamene transipota amathandizadi wodipotedwa

Ntchito imodzi imene timaivomereza ndi mtima wonse ndi kukatenga katundu wotsala. Apa transipota alibe wopikisana naye, chifukwa amafika mpaka pakanyumba ka kuseri kwa lokeshoni kumene kampani yonyamula katundu singapite, ndipo amadzatula pakhomo kumudzi. Kwa munthu amene chikumukokera kubwerera ndi zida zake za ntchito, firiji ndi bedi, kubweretsa katunduyo kumachotsa theka la chifukwa chopitira.

Kuti ziyende bwino, chitani mwachangu, m'mwezi woyamba, eni nyumba asanagulitse katundu kuti abweze lendi kapena anzanu asanagawane. Pezani munthu mmodzi kumeneko woti aonetse katundu ndi kukhalapo pokweza. Lembani mndandanda wa chinthu chilichonse, ndi nambala za pa firiji, TV ndi makina, ndipo ajambule katunduyo ali pansi komanso atakwezedwa. Gwirizanani mtengo wonse poyamba, ndipo funsani momveka ngati msonkho wa MRA pa boda uli momwemo kapena ndi wapadera, chifukwa mikangano yambiri imabukira pamenepa: katundu wafika ku Mwanza, transipota akuimba foni kuti onjezerani, apo ayi atsala. Lipirani gawo poyamba, lotsala katundu akafika ndipo mwamuwerenga. Tumizani ndalama pa njira yosiya umboni, monga Mukuru, Airtel Money kapena Mpamba, osati pamanja. Katundu amene mulibe lisiti lake ndipo simukudziwa bwino kumene anachokera, makamaka mafoni, malaputopu ndi zida zamagetsi zogula pamsewu, musiyeni komweko, chifukwa akapezeka kuti ndi wobedwa, dzina lolembedwa pa katoni ndi lanu. Musayembekezere chipukuta misozi galasi la TV likasweka. Ambiri alibe inshuwalansi ya katundu, ndipo ngolo zawo zimadzazidwa mopyola muyeso. Sankhani transipota amene ali ndi nyumba ndi banja m'dera lanu, woti zikavuta mutha kukamusumira kwa amfumu.

Za malipiro otsala kwa bwana, makhoti a zantchito ku South Africa anagamula kale mu 2008 kuti mlendo wopanda chilolezo chogwirira ntchito amatetezedwabe ngati wantchito, ndipo atha kudandaula ku CCMA, bungwe loweruza mikangano ya pantchito. Kuyendetsa dandaulo uli ku Malawi n'kovuta, ndipo nkhani ya kuchotsedwa ntchito ili ndi malire a masiku 30. Nthawi zambiri chimene chimagwira ntchito ndi uthenga waulemu kwa bwanayo, wotchula masiku amene munagwira ndi nambala yotumizirako ndalama. Musatume transipota kukatolera malipiro anu pokhapokha bwanayo atakuuzani yekha pa foni ndalama imene wapereka.

Mawu ena apite kwa abale amene ali ku Joni, poti ndi inu amene mumalipira ulendowu. Mukalonjeza transipota kuti "mubweretseni, ndidzapereka akafika," dziwani kuti gawo 49 lomwe lija limati kuthandiza munthu mukudziwa kuti alowe kapena akhale m'dzikomo mosaloledwa ndi mlandu wa zaka mpaka 5. Ngati muli ndi chilolezo chogwirira ntchito, mukuchiika pachiswe, ndipo ngati m'bale wanuyo agwidwa ali ndi chikwama cha anzake aja m'chipinda chanu, apolisi amanyamula onse opezeka m'nyumbamo. Musanatumize uthenga kwa transipota, mufunseni m'bale wanuyo kuti akutumizireni chithunzi cha chikalata chimene anatulukira nacho kundende, muone ngati palembedwa kuti anamaliza chilango kapena ali pa parole, ndi tsiku limene parole yakeyo ikutha.